Mnzanu akasintha khalidwe kusukulu, mungauze ndani?

Achinyamata anzathu a m'makalabu a ku Machinga ndi Balaka, wophunzira amene zamuthina sakonda kunena. Amangosintha. Amene ankaseka amangokhala duu, wina amayamba kujomba, wina ndewu kapena chamba. Anthufe timafulumira kunena kuti wayamba mwano, chonsecho mwina kwawo kwagwa maliro, akumukakamiza ukwati, wagwiriridwa, kapena wangouzidwa kumene kuti ali ndi kachilombo ka HIV.

Pasukulu alipo anthu amene ntchito yawo ndi kuthandiza ana otere. M'sukulu zambiri za pulayimale muli gulu la amayi, lija timati mother group. Amayiwa amasankhidwa m'midzi yozungulira sukulu. Amalangiza atsikana, ndipo mwana akasowa m'kalasi amamulondola mpaka kunyumba kukamva chimene chavuta. Ndi iwonso amene amalimbikitsa mtsikana amene wabereka kuti abwerere kusukulu, zomwe boma linaloleza mu 1993. Amagwira ntchito limodzi ndi aphunzitsi aakulu ndi komiti ya sukulu. Ife timangodandaula kuti anyamata amaiwalika, ngati iwo savutika mumtima.

Nkhani ikakula siithera pasukulu. Imapita kwa wogwira ntchito yoteteza ana m'dera, ku Victim Support Unit kupolisi, kapena kuchipatala, monga cha boma ku Liwonde ndi ku Balaka. Ukwati wa mwana wosakwana zaka 18 ndi woletsedwa, ndipo malamulo aakulu a dziko lino anasinthidwa mu 2017 kuti atsindike zimenezi. Wogwiriridwa afike kuchipatala asanathe maola 72, kuti alandire mankhwala a PEP omuteteza ku kachilombo.

Komatu anthu onsewa sakhala nawo pa desiki. Amene mumayamba kuona ndi inuyo. Mufunseni mnzanuyo muli awiri, mumvetsereni, kenako mupite naye kwa munthu wamkulu amene iye amamukhulupirira. Akakuululirani kuti amamwa ma ARV, nkhaniyo ndi yake. Kuifalitsa kungamusiyitse mankhwala ndi sukulu yomwe.

Chinsinsi chimodzi chokha musasunge. Mnzanu akanena zodzipha, ngakhale akuseka, musamusiye yekha, ndipo muuze munthu wamkulu tsiku lomwelo. Ngati palibe wapafupi, imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana imene a bungwe la YONECO amayankha.