Eni nyumba za magemu ndi mphekesera za makina atsopano kugombe la Mbenji

Pakati pa ntchito zimene zimadalira ndalama za usodzi m'boma la Salima pali ya anthu oseweretsa magemu, ndiye kuti masewero a pa kanema oyendetsedwa ndi makina monga PlayStation, amene wosewera amalipira pa mpikisano uliwonse. Ntchitoyi ndi ya kumtunda, m'misika ya m'mbali mwa nyanja ndi ku Salima boma, pakuti pachilumba cha Mbenji malamulo a Mfumu Yaikulu Makanjira, amene anayamba m'zaka za m'ma 1950, amaletsa mowa, chamba ndi njuga, ndipo masewero a mpira pa kanema sachedwa kusanduka obetcherana. Popeza chilumbachi chimatsekedwa kuyambira mu Disembala mpaka cha mu Epulo kuti utaka uswane, phindu la mwini gemu limakwera ndi kutsika motsata thumba la alovi, anyamata okoka chilimira amene ndalama zawo zimabwera ndi nsomba.

Ogwira ntchitoyi si amtundu umodzi. Alipo mwini malo, amene chuma chake ndi kanema, makina, mapadi ogwirira posewera ndi batire la sola kapena jenereta. Alipo mnyamata wolandira ndalama ndi kuweruza mikangano ya osewera. Ndipo alipo wokonza, amene nthawi zambiri ndi yemweyo wokonza mafoni ndi kuika nyimbo m'mamemori. Anthu amenewa ndiwo amafunsidwa mafunso obwera ndi mphekesera za pa WhatsApp ndi Facebook, monga lakuti PlayStation yotsatira idzatuluka liti, kapena ngati gemu ya mpira ya chaka chino ingasewereke pa makina akale. Woidziwa ntchito amayankha ndi zimene zinachitika kale: kampani ya Sony inatulutsa PlayStation 3 mu 2006, PlayStation 4 mu 2013 ndi PlayStation 5 mu 2020, kusonyeza mpata wa zaka 7, ndipo gemu imene ambiri akuitchabe FIFA inasintha dzina mu 2023 kukhala EA Sports FC. Nkhani za graphics card, chipangizo chopanga zithunzi mu kompyuta, ngakhale za RTX 50 imene Nvidia inatulutsa mu Januwale 2025, zimangodutsa, chifukwa mtengo wake sugwirizana ndi malonda olipitsa pang'onopang'ono.

Komabe kungakhale kulakwa kuona mphekeserazi ngati macheza chabe. Mwini gemu amazitsatira chifukwa makina atsopano akatuluka kunja, akale amagulitsidwa ngati kaunjika n'kufika ku Lilongwe kudzera mwa a geni ndi abale ogwira ntchito ku Johannesburg, choncho ayenera kusankha kugula lero kapena kudikira kuti mtengo utsike. Kudikirako kuli ndi ngozi yake, pakuti kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amene anasunga ndalama poyembekezera makina otsika mtengo anapeza kuti ndalamazo zaperewera. Pa tsiku ndi tsiku, chimene chimaimitsa malonda ndi padi yothyoka, fumbi lotseka fani ndi kutentha kwa mu Okutobala, ndipo zonsezi zimathera m'manja mwa wokonza, amene amachotsa zida m'makina akufa kuti adzutse ena.