BANKI IMENE INATHANDIZA AKHUNGU KUONANSO

Anthu ambiri amayesa kuti nchito ya banki ndi kusunga ndalama ndi kukongoza basi. Koma banki zina zazikulu zimapatulako phindu lao kuti zithandize osauka.

Ina mwa izo ndi Standard Chartered ya ku London. M'chaka cha 2003, pamene inakwanitsa zaka 150, anchito ake anapangana kusonkha ndalama kuti akhungu 28,000 aonenso, ndiko kuti wakhungu mmodzi pa wanchito ali yense. Nchitoyi anaitcha Seeing is Believing. Ambiri mwa akhunguwo anali a ng'ala. Dokotala amachotsa ng'ala ndi opaleshoni yaifupi ndithu, koma wosauka amakalamba nayo posowa ndalama ndi chipatala chapafupi.

Pangano linali lakuti munthu akapereka dola imodzi, banki iwonjezepo ina. Pofika 2018 anali atasonkhanitsa madola 100 miliyoni. Ndalamazi sanagawire anthu m'manja ai. Zinapita ku mabungwe a za maso, amene anaphunzitsa madokotala ndi anamwino, nagula zipangizo, nayeza maso a ana m'masukulu. Anchito a bankiyo analoledwanso masiku atatu pa chaka okathandiza anthu osadulidwa malipiro.