Musathamangire Penti Khoma Lisanaume

Alimi ambiri akagulitsa fodya, mtedza kapena soya amayamba kukonza pakhomo. Ena amamanga nyumba ya njerwa zowotcha, ena nyumba yosungiramo zokolola, ndipo ntchito yomaliza imakhala kupaka penti. Koma ikangodutsa mvula ya Januwale, makoma ambiri amayamba kusupuka ngati njoka yofundula. Eni ake amadandaula kuti anawagulitsa penti wabodza, chonsecho vuto lenileni ndi chinyezi chimene anachitsekera okha m'khoma.

Nkhaniyi si ya kukongola kwa nyumba kokha ayi. Khoma lolowa madzi limanyowetsa matumba amene mwasanja m'kati. Chimanga chimachita nkhungu ndipo mtedza umagwidwa ndi chuku, chimene chimakhala ndi poizoni woononga chiwindi.

Choyamba, dikirani. Pulasitala watsopano amafunika masiku osachepera 28 kuti akhwime ndi kuuma. Pofuna kutsimikiza, matani kapepala ka pulasitiki pakhoma madzulo, mutseke m'mbali monse. Mukapeza timadontho kuseri kwake m'mawa, khomalo likadali ndi madzi.

Chachiwiri, tsekani njira za madzi. Denga lipitirire khoma mokwanira kuti madzi a pamalata asamagwere pachipupa. Chotsani dothi lounjikana m'tsinde mwa khoma ndipo kumbani kangalande kopatutsa madzi. Ming'alu muikulitse pang'ono, muinyowetse, kenako muimate ndi muyezo umodzi wa simenti wosakaniza ndi miyezo inayi ya mchenga wosefa.

Chachitatu, yeretsani khoma. Palani penti wakale yense amene akusupuka. Ufa woyera wonga mchere umene umatuluka panjerwa muuchotse ndi bulashi youma, chifukwa mukautsuka ndi madzi umalowanso m'khoma n'kudzatulukanso. Pamene pamera ndere kapena nkhungu, tsukani ndi kapu imodzi ya Jik m'makapu anayi a madzi, mutsukuluze, mudikire paume.

Tsono pakhoma la kunja musapake penti wa mafuta. Iyeyu amatseka khoma kotero kuti chinyezi chimasowa potulukira, ndipo ukali wa simenti umamufewetsa. Gulani penti wosungunula ndi madzi amene pachitini palembedwa kuti ndi wakunja. Pakani kawiri kapena katatu mopyapyala, kuyambira pamwamba kutsika pansi, ndipo ulendo woyamba muthiremo madzi pang'ono kuti alowerere.

Amene thumba lawo ndi lopepuka asadere nkhawa, njereza ilipo. Imapha nkhungu, imalola khoma kupuma, ndipo kuyera kwake kumabweza dzuwa kotero kuti m'nyumba mumazizira. Koma chenjerani: laimu wothira m'munda pochepetsa asidi m'nthaka ndi mwala wongopera, sagwira pakhoma. Wofunika ndi laimu wowotcha wa omanga nyumba, monga amene amapangidwa ku Balaka ndi ku Lirangwe. Msungunuleni akhale ngati mkaka, mumusiye usiku wonse. Njereza imasiyana ndi penti chifukwa imafuna kuti muyambe mwawaza timadzi pakhoma. Tetezani maso ndi manja popeza laimu amawotcha, ndipo muzibwereza kupaka chaka chilichonse kapena pakatha zaka ziwiri.

Nyengo yabwino ya ntchitoyi ndi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Dzuwa la Okutobala limaumitsa penti asanagwire, choncho mukachedwa muzipaka mbali imene kuli mthunzi. Anzathu a ku Thyolo ndi ku Mulanje apewe masiku a chiperoni.

Alimi anzanga, palibe amene amaika chimanga chosauma m'thumba. Khoma nalonso liyambe lauma, ndiye mugule penti.