Polishi akauma pa galimoto, musathamangire thinala

Mwezi wa Okutobala, boneti ya galimoto yakuda imene yaima padzuwa masana imatentha moti simungaikepo dzanja. Komatu nthawi imeneyi ndi imene ndimaona anyamata otsuka magalimoto akupaka polishi galimoto yonse kamodzi, kuyambira kutsogolo mpaka kubuti. Akamabwerera kuti apukute, polishi uja wauma kale gwaa. Zotsatira zake ndi mizere yotuwa pa penti ndi zoyerayera pa mabampala a pulasitiki.

Mtima m'malo: phula la mu polishiyo silinadye penti, langokhala pamwamba. Chimene chimawononga galimoto ndi phuma la wochotsayo. Penti ya magalimoto a masiku ano imakutidwa ndi kachikopa koonekera, kamene kamawalitsa galimoto, ndipo n'kopyapyala kuposa pepala la m'kope. Lezala, sitilu waya kapena thinala zikakadya, ndiye kuti ulendo wa kwa wopenta wayambika.

Imikani kaye galimoto pamthunzi, izizire. Itsukeni fumbi lonse lichoke, chifukwa kupukuta pafumbi n'kukanda penti ndi mchenga. Sopo wamadzi wotsukira mbale, amene masiku ena onse ndimaletsa anthu kutsukira galimoto, apa ndiye amathandiza, poti ntchito yake n'kusungunula mafuta. Mizere ikakanika, pakani polishi yemwe uja pang'ono pamalo aang'ono n'kupukuta msanga asanaume. Watsopano amafewetsa wakale. Nsalu ikhale yofewa, yoyera, osati chikolopa chija chapukuta matayala.

Pulasitiki wakuda ndiye wovuta, chifukwa ali ndi timaenje momwe phula limabisala. Ine ndimabwereka labala yofufutira pensulo m'chikwama cha mwana wasukulu, yoyera ija, n'kufufuta monga mwana amachitira akalakwitsa samu. M'mphepete mwa zitseko ndi mozungulira zilembo za dzina la galimoto, mswachi wakale ndi madzi a sopo zimakwana. Ena amati pakani mafuta ophikira kapena chiponde. Pamadadi bwino, koma phula likadali pompo. Mvula ikagwa kuyera kuja kumabwerera, ndipo chipondecho mwaitana nyerere.

Phula la kandulo ndi nkhani ina. Magetsi akazima, munthu n'kumasuzumira injini usiku, kandulo imadontha pa penti. Limeneli ndi lofewa: limasungunuka pa kutentha kwa pakati pa madigiri 46 ndi 68, pamene la carnauba, lochokera ku masamba a migwalangwa ya kumpoto chakummawa kwa Brazil, limene lili mu polishi wambiri, limafuna madigiri oposa 80. Ikani ayezi wa m'pepala la pulasitiki pa dontholo mpaka liume, kenako litokoseni pang'onopang'ono ndi khadi lakale la ku banki mutaligoneka. Chotsalacho chitenthetseni ndi dilaya ya tsitsi muli patali ndithu, chikanyezimira mutsopetse ndi nsalu. Musasisite uku ndi uku, mungolimwaza.

Kachidetso kakatsalabe, donthezani sipiliti wosakaniza ndi madzi theka ndi theka pa nsalu, koma muyambe mwayesa pamalo obisika monga mkati mwa chitseko, makamaka ngati galimotoyo inapentedwanso. Pamene mwachotsapo patsala poyera, pakaninso polishi, pang'ono, madzulo chitsulo chitazizira.