Kodi Masingano a ku China Angatsegule Njira ya Madzi?

Tikagona pa maliro kwa Nyalugwe, ife amuna timazungulira moto panja, ndipo usiku umaulula zimene masana amabisa. Pamakhala mdala mmodzi kapena awiri amene sapeza tulo. Adzuka, apita kuseri kwa nkhokwe, akhalitsa kumeneko, abwera. Tisanasonkhezenso moto, adzukanso. Pomalira tambala woyamba akhala atadzuka kasanu. Palibe wowafunsa, pakuti si ulemu kufunsa munthu wamkulu za kutaya madzi, ndipo iwonso sanena ngakhale kwa akazi awo. Amene amamva cinsinsico ndi wogulitsa mankhwala wa pa msika kapena wa m'basi, mwini wa tiyi ndi makapisozi a m'mabotolo olembedwa zilembo za Cichaina. Kwamvekanso mbiri ya madokotala olasa tisingano m'thupi ku Lusaka, ndipo ana ogwira nchito m'tauni ayamba kufunsana ngati n'koyenera kutengera atate awo kumeneko.

Gwero la vutoli kawirikawiri ndi kaciwalo kochedwa prostate, kamene ali nako amuna okha. Kali pansi pa cikhodzodzo, n'kokula ngati suku, ndipo mpope wa mkodzo umapyola pakati pake. Mwamuna akamakalamba kaciwaloka kamakula n'kuyamba kufinya mpopewo, monga umo dzanja lifinyira paipi ya m'dimba. Pafupifupi theka la amuna a zaka 60 ali ndi prostate yokula, ndipo mwa opitirira zaka 80 ndi owerengeka amene alibe. Kukula kumeneku si khansa, si cilango ca ciwerewere, ndiponso si kulodzedwa.

Koma pali matenda enanso amene amavala malaya amodzimodziwo. Ena ndi ululu wokhalitsa wa m'cinena ndi pansi pa mimba, umene umagwira ngakhale amuna a zaka 30 kapena 40 kwa miyezi yambiri. Ena ndi khansa ya prostate, imene imaposa makhansa ena onse a amuna m'Zambia, ndipo poyamba siipweteka konse. Kwathu kuno ku cigwa ca Luangwa tionjezepo likodzo, limene limacititsa kuti munthu akaona magazi mu mkodzo angoti ndi za ku mtsinje, ndiponso cipsera ca cinzonono ca pa unyamata cimene cimacepetsa mpope patapita zaka. Onsewa munthu amawadandaula ndi mau ofanana: madzi akuvuta. Wogulitsa botolo alibe njira yowasiyanitsira.

Nanga masingano aja? Kulasa masingano, kumene Azungu amati acupuncture, ndi luso limene anthu a ku China akhala nalo kwa zaka zoposa 2,000. Tisinganoto ndi toonda pafupifupi ngati tsitsi. Amatibaya pa malo osankhika a pathupi n'kutisiya kwa mphindi 20 kapena 30. Ife ozolowera mphini tingaganize kuti n'cimodzimodzi, koma m'mphini timapakamo mankhwala pamene singanoyi ilibe mankhwala alionse. Akale a ku China ankati imatsegula njira za mphamvu ya moyo. Madokotala a lero amati imakhudza mitsempha imene imanyamula uthenga wa ululu. Lusoli si lacilendo m'dziko muno: boma la China lakhala likutumiza magulu a madokotala ku Zambia kuyambira mu 1978, ndipo ena mwa iwo amadziwa nchito imeneyi.

Sitikufuna kulinyoza lusoli, pakuti layesedwa. Mu 2021 kunafalitsidwa zotsatira za kafukufuku wocitika m'zipatala 10 za ku China, pa amuna 440 odwala ululu wokhalitsa uja. Aliyense analasidwa maulendo 20 m'milungu 8. Theka analasidwa moyenera, theka linalo mongoyerekeza, osadziwa kuti ali gulu liti. Mwa amuna 10 alionse olasidwa moyenera, 6 anapeza bwino; mwa enawo, osakwana 4. Umenewo ndi umboni weniweni, ndipo mwamuna amene wapimidwa n'kuuzidwa kuti nthenda yake ndi imeneyi sakulakwa kuyesa masingano, malinga ngati atuluka m'pepala lomata iye akuona, kuopa HIV ndi matenda a ciwindi.

Tionetsetse, komabe, kuti amuna 440 aja ankadwala ciani. Sanali amadala otsekeka mkodzo, ndiponso sanali odwala khansa. Palibe umboni wolimba wakuti singano ingafwetse prostate yokula, ndipo khansa siicoka nayo. Tiwerengenso mtengo wake: kucoka ku Nyimba kufika ku Lusaka ndi makilomita oposa 300, ndipo maulendo 20 atanthauza miyezi iwiri ya kukhala kwa abale m'komboni, munda utasiyidwa. Mbuzi zingathe m'khola mdala asanapimidwe n'komwe.

Za mankhwala a zitsamba a ku China, nafenso tili ndi ngongole. Coartem amene timamwa tikadwala malungo anacokera ku citsamba cimene Achaina ankagwiritsa nchito kuyambira kale. Mai Tu Youyou ndi anzake anapatula mphamvu yake mu 1972, ndipo maiyu analandira mphotho ya Nobel mu 2015. Dziko la Zambia linasankha Coartem mu 2002, patsogolo pa maiko ena a mu Africa. Koma mankhwala amenewa anafika m'makiliniki athu atayesedwa kwa zaka zambiri, mlingo wake utadziwika.

Botolo la pa msika silinapyole njira imeneyo. Ku America kunali mankhwala a prostate ochedwa PC-SPES, osakaniza zitsamba 8, zambiri za ku China, ndipo anachuka kwambiri. Mu 2002 anawacotsa pa msika atapezamo warfarin, mankhwala a cipatala osungunula magazi, amene sanalembedwe pa botolo. Ku Belgium, kuciyambi kwa zaka za m'ma 1990, amai oposa 100 anaonongeka impso ndi mankhwala ocepetsa thupi momwe munalowa citsamba colakwika ca ku China. Ngati zotere zinacitika kwa anthu okhala ndi makina opimira ciliconse, kuli bwanji kwa ife ogula kapisozi amene sitingathe kuwerenga ngakhale dzina lake? Bungwe la ZAMRA ndilo lili ndi udindo wovomereza mankhwala m'dziko muno, ndipo wogula ali ndi ufulu wofunsa ngati botololo linavomerezedwa.

Coopsa koposa ndi nthawi imene imatayika. Mkodzo wotsalira m'cikhodzodzo umabwerera m'mbuyo n'kuononga impso mwakacetecete. Tsiku lina umatsekeka kotheratu: mimba yatupa, mdala akubuula, dontho silituluka. Pamenepo palibe tiyi kapena singano yothandiza. Afunika kapaipi kofewa kolowetsa mu mpope tsiku lomwelo, ndipo nchito imeneyi amaitha pa cipatala ca Nyimba, pa Minga, ku Petauke ndi ku St Francis ku Katete. Amadala ambiri amaopa kapaipi kameneka kuposa imfa, koma mpumulo wake umabwera m'mphindi zocepa, ndipo ambiri sakhala nako moyo wonse.

Kupita msanga n'kopepuka kuposa pamenepo. Adzapima mkodzo kuti aone likodzo ndi tizilombo tina. Dokotala adzavala golovesi n'kukhudza prostate ndi cala kudzera kumbuyo. N'zocititsa manyazi, inde, koma sizitha mphindi imodzi. Kumene kuli zipangizo adzatenganso magazi a PSA. Ikakhala yokula cabe, alipo mapiritsi monga tamsulosin, amene amamasula njira m'masiku ocepa, ndi finasteride, amene amaifwetsa pang'onopang'ono m'miyezi 6. Akalephera amenewa pali opaleshoni. Akakayikira khansa amatumiza munthu ku Lusaka, kumene kuli Cancer Diseases Hospital kuyambira mu 2007, ndipo khansa imeneyi ikapezeka isanafalikire ku mafupa ambiri amakhala nayo moyo zaka zoculuka.

Inu amai, ndinu mumamva citseko cikutseguka kasanu usiku uliwonse, ndipo mau anu angamveke pamene a ana sangamveke. Mwina nkhaniyi ifunika mbale wa msinkhu wao kapena mnzao wa ku chalichi kuti aiyambitse pansi pa mtengo, anthu atacepa. Akavomera kupita, musaiwale kunyamula mabotolo onse amene akhala akumwa, a pa msika ndi a kwa sing'anga omwe, ndi kuwaika pa thebulo la dokotala. Ena mwa mankhwala amenewa amatsitsa PSA m'magazi, ndipo dokotala wosauzidwa angawerenge kuti zonse zili bwino.