Kodi mumadziwa? M'kompyuta namonso amadikirana

Kampani ya Plessey, yomwe likulu lake linali ku Ilford, inapanga kompyuta ya System 250 kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Inali ndi mapulosesa angapo ogawana memory. Ntchito zikamayendera limodzi chonchi pamafunika kusamala. Mwachitsanzo, ma thread awiri (ntchito ziwiri zoyendera limodzi) akaona K5,000 muakaunti nthawi imodzi, iliyonse n'kutapa K3,000, pamatuluka K6,000, ndalama zomwe munalibe.

Mu 1974, Tony Hoare anafotokoza bwino za monitor, njira yoti thread imodzi yokha ilowe pamalo ogawanawo n'kutseka, inzake idikire. Chinenero cholembera mapulogalamu cha Java chinatengera nzeruyi m'mawu akuti synchronized. Chosangalatsa n'chakuti Java imatsegula yokha thread ikamaliza, choncho wolemba pulogalamu sangasiye thread inayo ikudikira mpaka kalekale chifukwa choiwala kutsegula.