Kanema wonena zoona: zoti tionere pamodzi kuno kunyanja

Aliyense woyenda madzulo pa Makawa, pa Namwera, ku Msaka kapena pa Monkey Bay amalidziwa phokoso lotuluka m'tinyumba ta vidiyo sho: kulira kwa mfuti, kukuwa kwa anthu omenyana, ndi mawu a mnyamata womasulira amene amalankhulitsa Chichewa anthu a ku China ndi a ku India. Ana osowa ndalama yolowera amasuzumira pa mipata ya mpanda wa bango. Makolo ambiri, poona zimenezi, anangogamula kuti kanema ndi mdani wa banja, ndipo sitingawadzudzule kwambiri ayi. Komatu ulipo mtundu wina wa kanema umene sutchulidwatchulidwa m'nyumba mwathu, wopanda ochita sewero ndi wopanda nkhani yopeka. Wojambula amanyamula kamera n'kumatsata anthu enieni pa moyo wawo weniweni, nthawi zina kwa zaka zingapo. Amenewa ndiwo mafilimu a zochitika zenizeni, ndipo alipo angapo amene ife a kunyanja tikanachita bwino kuwaonera pamodzi, agogo ndi adzukulu pamphasa imodzi.

Ndiyambe ndi imene ndimaiona kuti ikuyenera boma lathu lino kuposa ina iliyonse. Dzina lake ndi Pray the Devil Back to Hell, yojambulidwa ndi Gini Reticker, ndipo inatuluka mu 2008. Ikusimba za amayi a ku Liberia m'chaka cha 2003, pamene nkhondo ya pachiweniweni inali itapulula anthu, ana aang'ono atasandutsidwa asilikali. Mayi wina wa mpingo wa Lutheran, Leymah Gbowee, anamema amayi achikhristu kuti apempherere mtendere. Mayi wina wachisilamu, Asatu Bah Kenneth, yemwe anali wapolisi, atamva mawuwo anakamema amayi a ku mizikiti. Tsiku ndi tsiku, padzuwa ndi pamvula, amayiwa ankavala zoyera n'kukakhala pabwalo la msika wa nsomba ku Monrovia, m'mbali mwa msewu umene pulezidenti Charles Taylor ankadutsa. Taganizani: msika wa nsomba, ngati pa Msaka kapena pa Malembo, amayi ambiri mwa iwo ogulitsa malonda basi. Zokambirana za mtendere zitayamba ku Accra m'dziko la Ghana, akuluakulu a magulu ankhondo ankangodya ndi kugona m'mahotela osamvana kanthu, kufikira amayiwo anakakhala pa makomo a holo atakolekerana mikono, n'kunenetsa kuti palibe atuluke asanagwirizane. Mu August 2003 Taylor anachoka kupita ku Nigeria, pangano linasainidwa, ndipo mu 2005 dzikolo linasankha mayi Ellen Johnson Sirleaf kukhala mtsogoleri. Gbowee analandira mphoto ya mtendere ya Nobel mu 2011.

M'chaka chomwecho cha 2003, m'mwezi wa June, tauni ya Mangochi inaona zipolowe. Amuna asanu achisilamu ochokera kunja anagwidwa ku Blantyre n'kutulutsidwa m'dziko muno powaganizira zauchigawenga, ngakhale pambuyo pake anamasulidwa popanda mlandu, ndipo mkwiyo wa anthu unagwera pa matchalitchi ndi maofesi amene sankadziwapo kanthu. Sindikukumba nkhaniyi kuti ndiutse mapiri pachigwa. Ndikungonena kuti kuno, kumene m'banja limodzi malume ndi shehe pamene azakhali ndi a Mvano, kumene manda timakumba pamodzi ndipo ngalawa timakoka pamodzi, filimu yotere ili ndi ntchito. Mwa amayi a ku Monrovia palibe anasiya chikhulupiriro chake. Aliyense ankapemphera monga anaphunzirira, koma ankakhala pabwalo limodzi chifukwa ana amene ankafawo anali a onse.

Tibwere ku nyanja yathu. Mu 2006 wailesi ya kanema ya BBC inatulutsa Planet Earth, mofotokozedwa ndi David Attenborough, ndipo m'gawo lokamba za madzi a m'mitsinje ndi m'nyanja za pamtunda muli nyanja ya Malawi. Msodzi amene wakhala pamadzi zaka makumi anayi adzaonamo zimene maso ake sanaonepo: nsomba zosaka usiku pogwiritsa ntchito mphamvu ya magetsi ya m'thupi mwake, ndi nkhungu zija zotuluka m'madzi ngati utsi, zimene anzathu a kumpoto kwa nyanja amazidziwa bwino. Nsomba za mtundu wa mbuna, utaka ndi chambo m'nyanja muno zilipo mitundu mazanamazana, yambiri yosapezeka kwina kulikonse padziko lapansi, ndipo ndicho chifukwa chake malo ozungulira Cape Maclear anatetezedwa ndi boma mu 1980, bungwe la UNESCO n'kuwavomereza mu 1984 kukhala chuma cha dziko lonse lapansi. Mwana wa ku Chembe amene amasambira pakati pa mbuna tsiku ndi tsiku ayenera kudziwa kuti anthu amalipira ndalama zambiri kudzaona chimene iye amachiyesa wamba.

Koma kukongola kokha sikuphunzitsa. Pambali pa imeneyi pafunika kuika ina yowawa, Darwin's Nightmare, ya Hubert Sauper, ya mu 2004, yojambulidwa ku Mwanza wa ku Tanzania, m'mphepete mwa nyanja ya Victoria. M'zaka za m'ma 1950 anthu anathira m'nyanjamo nsomba yaikulu yachilendo, Nile perch, imene inadya mitundu yambiri ya nsomba zazing'ono za komweko, abale ake a mbuna zathu. Filimuyi ikuonetsa minofu ya nsombayo ikukwezedwa m'ndege kupita ku Ulaya pamene osauka a m'mphepete mwa nyanja akukazinga mitu ndi minga zotsala. Boma la Tanzania linakwiya nayo kwambiri, ndipo pulezidenti Jakaya Kikwete anaidzudzula poyera mu 2006 kuti ikunyazitsa dziko. Inenso ndikuona kuti wojambulayo anakonda kwambiri kuloza kamera pa zilonda, ngati kuti mumzinda wonse wa Mwanza munalibe banja lokhala mwaulemu. Ndiponso muli zithunzi zosayenera ana, choncho ioneredwe ndi akuluakulu okha. Komabe chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ife sitinathiremo nsomba yachilendo, koma chambo cha m'nyanja ya Malombe chinatha m'manja mwathu momwe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo makoka a maso ang'onoang'ono, ngakhale masikito amene tinapatsidwa kuti titetezere ana ku malungo, akukokolola tiana ta nsomba m'malo moswanirana. Makomiti a m'madoko akanaionera filimuyi nyengo yotseka nyanja isanafike, mwina kukangana ndi alangizi a zausodzi kukanachepako.

Pa mafilimu ojambulidwa m'Malawi muno, ine ndimaika patsogolo The Ants and the Grasshopper ya mu 2021, ya Raj Patel ndi Zak Piper, pa chifukwa chimodzi: Mmalawi ali m'menemo sakupemphetsa. Mayi Anita Chitaya, mlimi wa m'mudzi wa Bwabwa kufupi ndi Ekwendeni, amaphunzitsa anzake kubwezera chonde m'nthaka pobzala nandolo ndi mbewu zina za nyemba, ndipo amalimbana ndi abambo a m'mudzimo kuti azithandiza kuphika ndi kutunga madzi, nkhani imene idzaseketsa amayi n'kuchititsa abambo ena kuyang'ana pansi. Poona kuti mvula yasiya kubwera m'nthawi yake, mayiyu akukwera ndege pamodzi ndi mayi Esther Lupafya kupita ku America kukafunsa alimi ndi andale a kumeneko ngati akudziwa chimene utsi wa dziko lawo ukuchita m'minda ya kuno. Ena akumulandira bwino koma osamumva. Iye sakukalipa, akufunsa mofatsa ngati mayi wofunsa mwana wa mnansi amene wathyola chimanga, ndipo kufatsa kwakeko n'kumene kukubaya. Amene anaona namondwe Freddy mu 2023, ndi nyanja ikusefukira m'nyumba ndi m'malo ogona alendo m'chaka cha 2024, safunika kumasuliridwa chimene mayiyu akunena.

Ilipo yaifupi yotchedwa Lazarus, ya David Darg, ya mu 2019, yotsata Lazarus Chigwandali, woimba wachialubino amene ankaimba nyimbo zauzimu m'misewu ya Lilongwe ndi banjo yopanga yekha. Kwa ife a chigawo chino nkhaniyi si yakutali. MacDonald Masambuka anaphedwa ku Machinga mu 2018, ndipo mu 2022 bwalo lalikulu la milandu linapeza olakwa anthu 12, mwa iwo muli mchimwene wake weniweni, wapolisi, wachipatala ndi mtumiki wa mpingo. Palibe nyumba, ofesi kapena guwa limene lingadzitame kuti nkhanza imeneyi siingalowemo.

Ina yondivutitsa maganizo ndi Buddha in Africa, ya Nicole Schafer wa ku South Africa, ya mu 2019. Ikutsata Enock, mnyamata wa Chiyao amene anakulira kumalo olererako ana amasiye a Amitofo kufupi ndi Blantyre, oyendetsedwa ndi achipembedzo cha Chibuda ochokera ku Taiwan. Kumeneko anapeza chakudya, sukulu ndi luso la masewera a kung fu limene linamuyendetsa maiko. Amalankhula Chitchaina bwino lomwe, koma akafika kwa agogo ake kumudzi amakhala ngati mlendo. Nkosavuta kwa ife kupukusa mitu poona ana athu akugwadira chipembedzo chachilendo. Koma woonera moona mtima adzakumbukira kuti mu 1875, pamene sitima ya Ilala inafika pa Cape Maclear ndi E. D. Young ndi Dr Robert Laws, makolo a nthawiyo anaonanso ana awo akupatsidwa mayina atsopano, chilankhulo chatsopano ndi zovala zatsopano posinthana ndi sukulu. Funso la chimene mwana amalipira akalandira thandizo la mlendo silinayambe ndi Atchaina.

Okonda mpira afune Eighteam, ya mu 2015, ya Juan Rodríguez-Briso. Pa 27 April 1993 ndege yonyamula timu ya Zambia popita ku Senegal inagwera m'nyanja yamchere itangonyamuka ku Libreville m'dziko la Gabon, ndipo anthu onse 30 anafa, 18 mwa iwo osewera. Kalusha Bwalya anapulumuka chifukwa ankachokera ku Netherlands paulendo wake wake. Pa 12 February 2012, mumzinda womwewo wa Libreville, Chipolopolo inagonjetsa Ivory Coast pa mapenote 8 kwa 7 n'kutenga chikho cha Africa, osewerawo atayamba apita kugombe kukaika maluwa. Ngakhale agogo osadziwa malamulo a mpira adzamvetsa, pakuti ndi nkhani ya maliro ndi ya ana amene anamaliza ntchito ya akufa.

Mwina mwaona kale kuti mayina a ojambula onsewa ndi a alendo. Paja amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo tiwathokoze. Koma mlendo amajambula chimene chamudabwitsa iye. Sizinayambe lero. Kuyambira 1948 mpaka 1963 bungwe la atsamunda la Central African Film Unit, lomwe likulu lake linali ku Salisbury, linkapanga mafilimu ophunzitsa anthu akuda ulimi, ukhondo ndi kumvera boma, n'kumawayendetsa m'midzi pa galimoto. Dziko lathu linakhala lopanda wailesi ya kanema yakeyake kufikira 1999. Tsono zaka zonsezo amene ankasankha chojambula ndi chosiya anali ena.

Lero pafupifupi m'mudzi uliwonse muli foni yojambula, ndipo nkhani zoyenera kamera zili pakhomo pathu pomwe. Pafupi ndi mlatho wa pa Shire, pa nsanja ya wotchi yokumbukira Mfumukazi Victoria, pali mfuti ya sitima ya Guendolen imene mu August 1914 inawombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann pa Liuli, ndiponso pali chikumbutso cha anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Vipya pa 30 July 1946. Ana a sukulu amadutsapo tsiku lililonse osaima. Kutsidya ku Malindi ndi kwawo kwa Henry Masauko Chipembere, mwana wa wansembe wa Anglican, amene usiku wa 12 February 1965 anatsogolera gulu lake kulanda boma la Fort Johnston, n'kukalepherera pa doko la Liwonde chifukwa chombo chowolotsera chinali tsidya lina. Iye anakafera ku Los Angeles mu 1975. Medson Silombela ananyongedwa ku Zomba mu 1966. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 anthu mazanamazana a m'mudzi wa Moto, amayi ndi ana omwe, anatengedwa kukatsekeredwa m'ndende popanda mlandu, mudzi wawo n'kupasulidwa.

Amene anali ndi zaka 15 usiku uja wa mu 1965 lero apitirira zaka 75. Pamene Gini Reticker ankapanga filimu ya amayi a ku Liberia anavutika kupeza zithunzi zawo, chifukwa atolankhani a maiko akunja ankathamangira kujambula anyamata onyamula mfuti, osati amayi okhala padzuwa; chimene chinamuthandiza n'chakuti amayiwo anali akadali moyo ndipo anakhala pansi n'kusimba okha. Mipingo yambiri ndi masukulu ali ndi makina oonetsera kanema, aja timaonetsera filimu ya Yesu pansalu yoyera, ndipo anyamata omasulira a m'mavidiyo sho atha kuika Chichewa ndi Chiyao pa mafilimu ndatchulawa ngati eni ake atapemphedwa chilolezo. Koma za ku Moto, za ku Malindi ndi za asodzi amene anaona chambo chikudzaza ngalawa pa Malombe, zimenezo zikufuna mdzukulu wokhala ndi foni yodzaza moto, mpando pansi pa mtengo wa mango, ndi agogo amene avomera kulankhula.